Mantha Saumba Mphika

Nkhaniyi ndi yaitali. Musaimalize tsiku limodzi. Werengani mutu umodzi madzulo ano, mutu wina mawa.

Mantha alipo a mitundu iwiri

Munthu aliyense amawadziwa mantha. Mwana amawadziwa. Agogo amawadziwa. Ngakhale amfumu amawadziwa. Mantha akabwera, mtima umagunda msangamsanga. Kukamwa kumauma. Miyendo imanjenjemera.

Pali mantha abwino. Mantha amenewa amatiteteza. Mwana wanzeru amaopa kusewera pamsewu waukulu wocokera ku Tete, wodutsa pa Moatize ndi pa Zóbuè kupita ku Malawi, cifukwa pamenepo pamathamanga magalimoto akuluakulu. Mwana wanzeru amaopa kukhala panjanji, pamene pamadutsa sitima za malasha. Amaopanso kusambira yekha mumtsinje wa Revúbuè nthawi ya dzinja. Mantha amenewa asungeni bwino.

Koma pali mantha ena. Mantha amenewa amatseka pakamwa. Amamanga manja. Mwana akudziwa yankho, koma sakweza dzanja. Mwana wapeka nyimbo yake, koma saiimba. Mwana wajambula nkhuku pamcenga, koma akamva mapazi a munthu amaifufuta msanga ndi phazi. Amaopa kusekedwa. Amaopa kuti cinthu cake sicikhala bwino.

Ine ndidakhala ndi mantha amenewa zaka zambiri. Ndidaphunzirapo cinthu cimodzi. Mantha otere sacoka munthu atangokhala pansi n'kumadikira. Amayamba kucepa manja akayamba kugwira nchito.

Mwana wolongolola akhala duu

Ndidabadwira m'mudzi wina pafupi ndi Zóbuè, m'boma la Moatize, kumapiri a kumalire ndi Malawi. Kunyumba ndidali mwana wolongolola kwambiri. Madzulo tikatha kudya nsima, tinkakhala panja kumvera nthano. Agogo ankati, "Padangokhala!" Ife tinkayankha kuti, "Tiri tonse!"

Agogo akatopa, ine ndinkatenga malo ao. Nthano zao ndinkazikometsera ndi zanga. Tsiku lina ndidampatsa Kalulu njinga. Tsiku lina ndidamveka Fisi nsapato zazikulu. Amayi ankaseka n'kumati, "Iwe mwana iwe, njinga ya Kaluluyo waitenga kuti?" Masana tinkapita kudambo kukaumba ng'ombe zadothi. Anyamata ankapanga magalimoto a mapesi ndi mawaya.

M'caka ca 1984 ndidayamba sukulu. Ndidali ndi zaka 7. Nthawi imeneyo ana onse a m'dziko muno ankaphunzira m'Cipwitikizi cokha, kuyambira tsiku loyamba. Dziko lathu la Moçambique lidalandira ufulu pa 25 Juni 1975, ndipo atsogoleri adasankha Cipwitikizi kuti cikhale cilankhulo ca boma ndi ca sukulu. Adatero cifukwa m'dziko muno muli zilankhulo zambiri. Ife a ku Zóbuè timalankhula Cinyanja. Anzathu ambiri a ku Moatize ndi mumzinda wa Tete amalankhula Cinyungwe. Kwina kuli Cisena, kwina Emakhuwa, kwina Xichangana. Cipwitikizi cimatithandiza kumvana tonse.

Koma ine pa zaka 7 zija sindinkacimva Cipwitikizi. Aphunzitsi athu adali munthu wabwino, ndipo ankatsata lamulo la nthawiyo. Ankaloza cithunzi ca mbuzi n'kufunsa funso. Mbuzi ndinkaidziwa bwino. Ndinkadziwa miyendo yake, cakudya cake ndi kalilidwe kake ikasowa mwana. Koma mau oyankhira ndidalibe.

Tsiku lina mnyamata wina adayesa kuyankha. Lilime lake lidapotoka, ndipo kalasi yonse idaseka. Mnyamatayo adabisa nkhope m'manja. Ine ndidati cam'mtima, "Ine zimenezi zisandionekere." Kuyambira tsikulo ndinkakhala kumbuyo, duu.

Mantha aja sadatsale kusukulu. Adanditsatira mpaka kunyumba. Ndidayamba kuganiza kuti nzeru zenizeni ziri m'Cipwitikizi mokha, ndi kuti nthano zanga za Cinyanja n'zacabe. Kalulu uja adatsika panjinga. Madzulo agogo akati, "Lero ndi iwe," ine ndinkangopukusa mutu.

Mphika wa agogo

Kenaka kudabwera mantha aakulu kuposa a kusukulu. M'dziko muno mudali nkhondo. Idayamba m'caka ca 1977 ndipo idatha m'caka ca 1992. M'caka ca 1986 nkhondoyo idayandikira mudzi wathu. Tidanyamuka usiku. Tidasiya mbuzi, nkhokwe ya cimanga ndi miphika yonse ya agogo. Tidaoloka malire n'kukafika m'boma la Mwanza, ku Malawi. Sitidali tokha. Anthu a ku Moçambique amene adathawira ku Malawi pa nkhondo imeneyo adakwana pafupifupi 1 miliyoni.

Anthu a ku Mwanza adatilandira. Ankalankhula monga ife. Adationetsa malo omangapo kanyumba. Koma ine ndinkaopa ciriconse. Citseko cikamenyeka, ndinkadzidzimuka. Galimoto ikalira kumsewu, ndinkathamangira m'nyumba. Ana anzanga ankandiitana kuti tikasewere, koma sindinkapita.

Tsiku lina m'mamawa agogo adatenga khasu ndi dengu. Adati, "Tiye, undiperekeze." Tidapita kwa mwini dimba lina la m'mbali mwa kamtsinje. Agogo adagwada n'kupempha kuti akumbeko mtapo. Mtapo ndi dothi lomata loumbira miphika. Mwini dimbayo adalola.

Titabwerera kunyumba, agogo adacotsa timiyala ndi timizu m'dothi muja. Adalithira madzi pang'ono. Adalisinja mpaka lidafewa ngati nsima. Kenaka adatema mbamu imodzi n'kundiikira m'manja.

"Umba," adatero agogo.

"Agogo, ine ndikuopa. Sindidziwa kuumba mphika. Usweka."

"Mwina uswekadi," adayankha. "Inenso ndikuopa, mdzukulu wanga. Usiku sindigona tulo. Koma mantha saumba mphika. Manja ndiwo amaumba. Nanga ndiwo tiphikira m'ciyani?"

Ndidadabwa kumva kuti agogo nawonso akuopa. Ndidayang'ana manja ao. Ankanjenjemera pang'ono, koma ankagwirabe nchito. Tsono nanenso ndidayamba.

Ndidaboola pakati pa mbamu ija ndi cala cacikulu. Ndidakweza m'mbali pang'onopang'ono monga ankacitira agogo. Iwo adandipatsa citsononkho ca cimanga cosalazira kunja. Miphika itauma pang'ono, tidaikulungiza ndi mwala wosalala mpaka idayamba kunyezimira. Tidaiyanika pamthunzi masiku angapo, cifukwa mphika wouma padzuwa lamphamvu umang'aluka. Pomaliza tidaiunjikira nkhuni ndi makungwa n'kuiocha.

Miphika idali 7. Moto utazima, 5 idatuluka yabwino ndipo 2 idasweka. Umodzi mwa yosweka udali wanga. Misozi idalengeza m'maso mwanga. Koma agogo adatola phale lalikulu n'kuliika pamafuwa. Adakazingiramo cimanga, ndipo tonse tidadya. Phale lina adaliika pabwalo kuti nkhuku za aneba zizimweramo madzi.

"Waona?" adatero agogo. "Mphika wako watidyetsa kale. Mawa uumbe wina."

Ndidaumbadi wina. Umenewo sudasweke. Amayi adaphikiramo nyemba zaka ziwiri.

Pali cinthu cina cimene cidacitika ndikuumba mphika waciwiriwo. Galimoto idadutsa kumsewu, koma sindidathawe. Manja adali odzaza dothi, ndipo maso adali pakamwa pa mphika. Ndidazindikira galimotoyo itapita kale. Tsiku lomwelo pakamwa panga padatseguka. Ndidawauza agogo nthano ya Kalulu amene adaoloka malire usiku atasenza mtondo pamutu. Agogo adaseka mpaka kutsokomola.

Mau athu alowa m'buku

Ku Mwanza komweko, mtsikana wa aneba athu adandionetsa buku lake la kusukulu. Zaka zimenezo ana a ku Malawi ankaphunzira m'Cicewa m'makalasi anayi oyambirira. Cicewa ndi Cinyanja ndi cilankhulo cimodzi. Ndidatsegula bukulo. Zilembo ndinkazidziwa kale. Ndidaziphatikiza pang'onopang'ono: mbu-zi, nyu-mba, a-ma-yi.

Ndidafuula kuti, "Amayi, bwerani mudzaone! Buku likulankhula ngati ife!"

Kufikira tsikulo ndinkaganiza kuti mau a kwathu sangakhale papepala. Tsopano ndidaona kuti angathe. Ndidatenga khala la pamoto ndi pepala la thumba la simenti. Ndidalemba mau anayi: "Kalulu adagula njinga yofiira." Imeneyo idali nthano yanga yoyamba kulemba.

Pa 4 Okutobala 1992, mumzinda wa Roma, a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere. Nkhondo idatha. M'caka ca 1993 ife tidabwerera ku Zóbuè. Tidalambula thengo pamene padali nyumba yathu, n'kumanganso ina.

M'caka comweco ca 1993 m'dziko muno mudayamba cinthu catsopano. Bungwe la boma lokonza maphunziro, lochedwa INDE, lidayamba kuyesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri. Nchito imeneyi inkachedwa PEBIMO, ndipo idacitika mpaka caka ca 1997. Idacitikira m'masukulu owerengeka a m'zigawo ziwiri zokha. Ku Gaza ana ankaphunzira m'Xichangana ndi m'Cipwitikizi. Kuno ku Tete ankaphunzira m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi. Ankayamba kuwerenga ndi kulemba m'cilankhulo ca kwao. Cipwitikizi ankacilowa pang'onopang'ono, poyamba kumva ndi kulankhula, kenaka kuwerenga ndi kulemba.

Anthu amene adayendera makalasi amenewo adaona kuti ana ankalankhula momasuka. Ankayankha mafunso, ndipo nawonso ankafunsa aphunzitsi. Makolo ankamva zimene ana ao akuphunzira. Kuyambira caka ca 2003, boma lidayamba kufalitsa maphunziro a zilankhulo ziwiri m'zigawo zina ndi m'zilankhulo zina.

Inu amene mukuphunzira m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi lero, mukuyenda m'njira imene ana ajawo adatsegula. Aphunzitsi akaloza cithunzi ca mbuzi, mau oyankhira muli nawo kale. Mantha amene adanditseka pakamwa ine, inu mwacotseredwa theka lake. Theka lotsalalo ndi kuopa kusekedwa. Tamverani za anthu ena amene adakumana nalo.

Mnyamata amene ankamuti wamisala

William Kamkwamba adabadwa m'caka ca 1987. Adakulira ku Wimbe, m'boma la Kasungu, ku Malawi. Amalankhula Cicewa monga ife. M'zaka za 2001 ndi 2002 ku Malawi kudagwa njala yaikulu. Makolo a William adalibe ndalama zolipirira sukulu, ndipo iye adasiya kuphunzira.

William sadangokhala. Ankapita kukanyumba kobwereka mabuku ka pasukulu ya pulaimale ya kwao. Kumeneko adapeza buku lochedwa Using Energy. Pacikuto pake padali cithunzi ca makina ozungulira ndi mphepo. Bukulo lidali m'Cingelezi, ndipo William sankamva Cingelezi bwino. Tsono ankayang'anitsitsa zithunzi mpaka adamvetsa kuti mphepo ingathe kupanga magetsi.

Ndalama zogulira zipangizo adalibe. Adatenga njinga yakale ya bambo ake. Adatola cokupizira mphepo ca thirakitala yakufa. Adaocha mapaipi a pulasitiki pamoto n'kuwaongola kuti akhale mapiko. Adadula mitengo ya bulugamu n'kumanga nsanja. Anthu ankamuona akufukula zitsulo kudzala, ndipo ankamuseka. Ankati wacita misala.

Kodi mukuganiza kuti William sankamva kuwawa? Ankamva. Koma sadasiye. M'caka ca 2002 makina ake adatha. Anthu adasonkhana kudzaona. Mphepo idaomba, mapiko adazungulira, ndipo babu lidayaka. Pambuyo pake anthu a m'mudzimo ankabwera kwa iye kudzathira moto m'mafoni ao.

M'caka ca 2007 William adaitanidwa ku Arusha, ku Tanzania, kukafotokoza za makina ake pamaso pa anthu ambiri ocokera m'maiko osiyanasiyana. Cingelezi cake cidali cocepabe, koma adaimirira n'kulankhula. Adabwerera kusukulu. M'caka ca 2009 kudatuluka buku la moyo wake, m'caka ca 2014 adamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America, ndipo m'caka ca 2019 kudatuluka filimu yonena za iye. Mu filimuyo anthu amalankhula Cicewa ndi Cingelezi.

William sadadikire kuti adziwe Cingelezi conse. Sadadikire kuti anthu asiye kuseka. Adayamba ndi zimene zidali pafupi.

Mbusa wa ziweto amene adajambula m'ndende

M'dziko lathu lino mudalinso munthu wotere. Dzina lake lidali Malangatana Valente Ngwenya. Adabadwa m'caka ca 1936 m'mudzi wa Matalana, ku Marracuene, kum'mwera kwa dziko lino. Ali mwana ankaweta ziweto, monga amacitira ana ambiri a kuno. Ali ndi zaka 12 adapita mumzinda wa Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo, kukafuna nchito.

Adapeza nchito yotola mipira pabwalo la masewera a tenisi. Nthawi yopuma ankajambula. Munthu wina wosewera pabwalopo, Augusto Cabral, adaona zojambulazo. Sadamuseke. Adampatsa utoto ndi zipangizo zojambulira. Kenaka mmisiri wina wolemba mapulani a nyumba, Pancho Guedes, adampatsa galaja yake kuti azijambuliramo. M'caka ca 1961 Malangatana adaonetsa zithunzi zake kwa anthu, payekha, kwa nthawi yoyamba.

Zithunzi zake zinkaonetsa nkhope zambiri za anthu, maso aakulu, nyama ndi mavuto a anthu pa ulamuliro wa atsamunda. Apolisi acinsinsi a atsamunda, ochedwa PIDE, adamgwira pomunena kuti akugwirizana ndi omenyera ufulu. Adakhala m'ndende miyezi 18. M'ndende ndi malo oopsa. Koma ngakhale mmenemo Malangatana ankajambulabe, ndipo zojambula zake za m'ndende ziripo mpaka lero.

Atatuluka adapitiriza nchito yake. Adajambula zithunzi zazikulu pamakoma a mumzinda wa Maputo. M'caka ca 1997 bungwe la UNESCO lidampatsa ulemu woti ndi mmisiri wa mtendere. Adamwalira m'caka ca 2011.

Akuluakulu amene mukuwerenga, taonani mbali ya Augusto Cabral pankhaniyi. Adaona mnyamata wotola mipira akujambula, adaima n'kuyang'ana. Mwana aliyense amafuna munthu mmodzi wotere.

Mfuti zisanduka mpando

Nkhondo itatha, mfuti zambiri zidatsala m'manja mwa anthu. Zina zidabisidwa m'thengo, zina m'nyumba. Anthu ankaopa kuzipereka, cifukwa ankati mwina nkhondo iyambanso.

M'caka ca 1995 Bishopu Dinis Sengulane, pamodzi ndi bungwe la mipingo yacikhristu ya m'dziko muno, adayambitsa nchito yosintha mfuti ndi zipangizo zogwirira nchito. Munthu akabweretsa mfuti, ankalandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Mfutizo zinkadulidwa kuti zisadzaombenso.

Zidutswa zina adazipereka kwa amisiri a ku Maputo. Amisiriwo adaziocherera pamodzi n'kupanga mbalame, ng'ona ndi anthu oimba. M'caka ca 2001 mmisiri wina, Cristóvão Canhavato, amene ambiri amamudziwa kuti Kester, adapanga mpando wa mfuti zokhazokha. Mpandowo udagulidwa ndi British Museum, nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale ndi zaluso mumzinda wa London.

Nditamva za mpandowo, ndidakumbukira usiku umene tidathawa. Cinthu cimene cidatithamangitsa m'mudzi mwathu, munthu wina adacigwira ndi manja n'kucisandutsa pokhalira.

Koma ana inu, mvetsani bwino apa. Imeneyo idali nchito ya akuluakulu odziwa. M'caka ca 2015 dziko lathu lidalengeza kuti lamaliza kucotsa mabomba okwirira pansi m'malo onse amene ankadziwika. Ngakhale ziri conco, mukaona citsulo cacilendo m'thengo kapena m'munda, musacikhudze. Pitani mukauze munthu wamkulu. Amenewo ndi mantha abwino aja.

Mau kwa makolo

Nditakula ndidakhala mphunzitsi wa ana aang'ono. Caka ciriconse m'kalasi mwanga mumakhala ana okhala kumbuyo, duu. Caka cina mudali mtsikana amene ankabisa kope lake m'malaya. Tsiku lina ndidakhala pambali pake pansi, n'kumupempha kuti andionetse. M'kopemo mudali cithunzi ca sitima ya malasha. Mabogi adali 12, ndipo pamwamba pa bogi lomaliza padakhala nkhuku.

Ndidamufunsa kuti, "Nkhukuyi ikupita kuti?"

Adandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adanong'oneza kuti, "Ku Beira, kukaona nyanja." Adafotokoza ulendo wonse wa nkhukuyo. Sabata yotsatira adaifotokozanso nthanoyo ataimirira kutsogolo kwa kalasi.

Makolo anzanga, kuti mwana amasuke sipafunika ndalama. Pafunika zinthu zazing'ono izi.

Mwana akakuonetsani cimene wapanga, siyani kaye cimene mukucita, muciyang'ane. Musafulumire kunena kuti, "Ici n'ciyani? Ng'ombe siikhala conci." Nenani kuti, "Tandiuza za ng'ombe yakoyi." Mudzamva zambiri.

Musalole akulu ake kumuseka. Kuseka kwa kunyumba kumapweteka kuposa kwa kusukulu.

Mwana akalankhula Cipwitikizi mopotoka, muyamikireni kaye poyesa, kenaka mumuuze kanenedwe kake. Akafotokoza nthano m'Cinyanja, mvetserani mpaka kumapeto. Mwana amene amalankhula momasuka m'cilankhulo ca kwao salimba thupi poyesa cilankhulo cina.

Muloleni akuoneni mukugwira nchito zanu zamanja. Mukamaluka mphasa, mukamasema mpini, mukamaumba mbiya kapena kusoka malaya, mpatseni kacidutswa kake kuti ayese. Nchito yanu ikaonongeka, musabise. Aone kuti wamkulunso amayambiranso.

Ndipo inu eni ake, kodi mulibe nyimbo imene mudaisiya? Kodi mulibe dengu limene mudafuna kuluka mwa mtundu wina, koma mudaopa pakamwa pa anthu? Yambani pamodzi ndi mwanayo.

Mau kwa ana

Akuluakulu amati, "Mbewa ya manyazi idafera kuuna." Mbewayo idali ndi miyendo. Idali ndi njira yotulukira. Manyazi ndiwo adaigwira.

Mukafuna kupanga cinthu ndipo mtima wayamba kugunda, musadabwe. Mtima wa agogo anga unkagunda. Wa William unkagunda. Wanganso umagundabe ndikaimirira kuti ndiwerenge nthano yatsopano pamaso pa anthu. Pumani mpweya wambiri katatu, kenaka yambani.

Yambani ndi cinthu cacing'ono. Zipangizo muli nazo kale. Dothi liri kudambo. Makala ali pamoto wozima. Mapesi ali m'munda. Zitsekerero za mabotolo ziri pamsika, ndipo zimakhala mateyala abwino a galimoto. Mau ali m'kamwa mwanu, a Cinyanja ambiri ndi a Cipwitikizi amene mukutola tsiku ndi tsiku.

Mukamaliza, onetsani munthu mmodzi amene amakukondani. Mawa onetsani awiri. Cinthu canu cikasweka, yang'anani ngati phale lake lingagwire nchito, kenaka pangani cina. Mnzanu akalakwitsa mau m'kalasi, inu musaseke. Mwina m'mutu mwake muli nthano yokoma imene simudzaimva mukamuseka.

Tiyeni ticite

1. Chulani mantha awiri abwino amene amakutetezani.
2. Kodi agogo adacita ciyani ndi mphika wosweka?
3. Kodi William adapangira ciyani makina ake?
4. Umbani nyama imodzi ndi dothi, kapena ijambuleni ndi khala. Ipatseni dzina.
5. Madzulo ano uzani a kunyumba kwanu kumene nyamayo ikupita. Mawa mudzauze anzanu m'kalasi.